Amene Timaŵatcha Zilombo

Ndikupereka moni makamaka kwa inu makolo ndi akatekisti a ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma, pakuti nkhani ya lero ndi ya kwanu komweko.

M'chinenero chathu muli mau amodzi amene timaŵatchula mosavuta, chonsecho ndi olemera kwambiri. Mauwo ndi akuti chilombo. Fisi wogwira mbuzi usiku timati chilombo. Gule akatulukira pabwalo timati kwabwera chilombo. Koma nthaŵi zina timatenga mau omweŵa ndi kuŵapachika pa munthu mnzathu, ndipo tikatero timakhala ngati tamasuka ku malamulo onse a umunthu. Chilombo sachipatsa moni, sachifunsa mbali yake pa mlandu, ndipo chikafa sachilira maliro. Tsono funso langa lero ndi ili: nanga chimene tachitcha chilombocho chikapezeka kuti chili ndi mtima wachifundo kuposa ife, tidzayankha chiyani pamaso pa Mulungu?

Ndiyambe ndi chithunzi chimene ana anu akuchidziŵa bwino kuposa inu. Mukapita pa msika kukasankha zovala za kaunjika, mudzapeza timalaya ta ana tojambulidwa chimunthu chobiriŵira, cha minofu ngati ng'ombe yapangolo, chitakwinya nkhope, mano onse ali pamtunda. M'tinyumba toonetsa makanema anyamata amachiombera m'manja. Dzina lake ndi Hulk. Adachipeka ku America m'chaka cha 1962 anthu aŵiri, Stan Lee wolemba mau ndi Jack Kirby wojambula, m'timabuku ta nthano za zithunzi ta kampani ya Marvel. Kholo likachiona limangoti ichi nchiŵanda, ndipo silifunsanso zambiri. Koma imvani m'mene nthanoyo idayambira.

Padali munthu wophunzira kwambiri za sayansi, dzina lake Bruce Banner, amene ankathandiza asilikali kuyesa bomba latsopano m'chipululu. Nthaŵi yophulitsa itatsala pang'ono, iye adaona mnyamata wina, Rick Jones, ataloŵa m'malo oopsawo chifukwa cha chibwana. Banner adatuluka m'nyumba yobisalamo, nathamanga, nakankhira mnyamatayo m'ngalande. Mnyamata adapulumuka, koma mphamvu ya bombalo idamgwera iye amene adapulumutsa mnzake. Kuyambira tsiku limenelo thupi lake lidayamba kusanduka chimunthu choopsa chija, ndipo asilikali omwewo amene ankagwira nawo ntchito adayamba kumsaka ngati nyama. Nthanoyo sibisa kuti mkwiyo wake umaononga zinthu. Koma mfundo yake ndi iyi: kuipa kwa nkhope yake ndi chipsera cha chifundo chake. Omsaka akuona chipsera chokha, osafunsa kuti balalo lidabwera bwanji.

Stan Lee mwini wake adanena kuti maganizo ena adaŵatenga m'buku lakale lotchedwa Frankenstein, limene adalemba mai wina wa ku England, Mary Shelley, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1818. M'bukumo muli cholengedwa chonyansa nkhope, chimene ngakhale wochipanga yemwe adachithaŵa. Chidakabisala pafupi ndi nyumba ya banja lina losauka, ndipo usiku chinkatema nkhuni ndi kuziunjika pakhomo pao mobisa. Tsiku lina chidalimba mtima nkuloŵa m'nyumbamo pamene mudatsala nkhalamba yakhungu yokha. Nkhalambayo idamva mau aulemu, nkuchilandira ngati mlendo. Ana ake openya atabwera, adachimenya nkuchipirikitsa. Pambuyo pake chidavuula mtsikana amene ankamira mu mtsinje, ndipo malipiro ake adali chipolopolo. Apo mpamene mtima wake udaŵaŵa, nkusanduka wakupha ndithu. Abale anga, m'nyumba ija wakhungu yekha ndiye adaona, ndipo uchilombo umene anthu ankauopa adauumba okha ndi ndodo zao.

Koma ife Acheŵa sitidadikire mabuku a kunja kuti tidziŵe zilombo zonyamula phunziro. Nthano zathu za zithunzi zimavina pabwalo, fumbi lili koboo. Za kudambwe ine sindinena, eniake alipo. Ndinena zokhazo zimene aliyense amaona ndi maso, ndi zimene eni mwambo adafotokoza okha poyera. Kasiyamaliro akamatuluka, wamkulu ngati ntchefu, mwana amathaŵira kumbuyo kwa amai ake. Koma kwa eni mwambo, iye ndi mai wa mtundu wonse, wobwera kudzaperekeza mwana wake pa ulendo wotsiriza, kuti wakufayo asapite yekha. Chadzunda, wa nkhope yakuda yamakwinya, woyenda motsimphina, amakumbutsa achinyamata kuti mudzi uli ndi makolo ake. Nkhope ndi yoopsa, koma uthenga wake ndi wa mwambo ndi wa kulirana maliro.

Mbiri ya Eklezia m'dera lathu lino idakumana ndi zilombo zimenezi maso ndi maso. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsekula Mua m'chaka cha 1902, Likuni ndi Kachebere mu 1903, ndipo Nambuma mu 1928. M'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa sukulu za mishoni ndi gule udakula kwambiri. Eni gule ankaona kuti sukulu ikuŵalanda anyamata, amishoni ankaona kuti dambwe likuŵalanda ana a sukulu, ndipo milandu yambiri idakafika kwa akuluakulu a boma la atsamunda. Mbali iliyonse inkaona inzake ngati chilombo. Umboni wake ukuvinabe mpaka lero: Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuŵa, ndi Maliya, amene dzina lake mukudziŵa kumene lidachokera. Pamene akhristu ankajambula anzao m'mitima mwao ngati ana a mdima, anzaowo nawonso ankaŵajambula pabwalo.

Padapita zaka kuti wina akhale pansi ndi kufunsa. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'Malaŵi mu 1967 ndipo adapatsidwa mfunda wakuti Chisale, adayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976. Adatha zaka zambiri akumvetsera akuluakulu, kulemba nyimbo ndi matanthauzo a magule mazanamazana. Adapeza kuti ambiri mwa iwo amadzudzula zinthu zomwezo zimene ife timadzudzula pa guwa: chigololo, umbombo, ulesi, kuledzera ndi kunyoza makolo. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma chapadera cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse.

Mundimvetse bwino, inu akatekisti, kuti maŵa musamve wina akuti bambo mfumu pa wailesi atitumiza kudambwe. Sindidatero ai. Ndiponso sindikubisa kuti alipo ena amene amabisala m'dzina la gule nkumamenya anthu pa njira, kulanda katundu ndi kuthamangitsa ana a sukulu. Zimenezo nzoipa, ndipo mafumu enieni a mwambo amazidzudzulanso. Chimene ndikunena nchakuti munthu amene wangoona nkhope, osafunsa tanthauzo, sadayambe nkomwe kuŵeruza mwachilungamo. Makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu uli ndi msana wake: chilipo chipatso china chonyansa khungu chimene m'kati mwake muli uchi.

Tiyeni tsopano titsekule Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera, mutu 5. Kutsidya kwa nyanja ya Galileya, m'dziko la Agerasa, kudali munthu amene mudzi wonse udamtcha chilombo. Ankakhala kumanda. Adayesa kummanga ndi maunyolo, iye nkumadula. Usiku ndi usana ankafuula m'mapiri ndi kudzitema ndi miyala. Ndikhulupirira kuti amai a m'mudzimo ankaopseza ana ao ndi iyeyo, monga timachitira ife. Yesu adaoloka nyanja, pa ulendo umene namondwe adafuna kumiza chombo, ndipo atafika adalankhula naye ndi kufunsa dzina. Anthu onse adabwera ndi maunyolo, Ambuye okha ndiwo adabwera ndi funso. Mizimu yoipa itatuluka nkuloŵa m'nkhumba pafupifupi 2,000, eni mudzi adampeza munthu uja atakhala pansi, atavala, nzeru zake zili bwinobwino. Kodi adakondwa? Ai, adachita mantha, napempha Yesu kuti achoke m'dziko mwao. Chilombo chili kumanda adachizoloŵera. Chimene chidaŵasautsa ndi kuona kuti nthaŵi yonseyi adali mbale wao.

Ndipo tamvani mathero ake, inu aphunzitsi a mpingo. Munthu uja adapempha kuti atsagane ndi Yesu, koma Ambuye adamtuma kwao kuti akasimbe za chifundo chimene adalandira. Iye adapita nakalalika m'Dekapoli, dera la mizinda 10. Tinganene kuti katekisti woyamba wa tsidya limenelo adali munthu wochokera kumanda, wa zipsera za maunyolo m'mikono. Kudafunika kulimba mtima kotani kuti abwerere kwa anthu omwe aja amene ankammanga, ndi kuŵabweretsera nkhani yabwino m'malo mwa kulipsira! Paja akulu adati wamisala adaona nkhondo.

Ambuye athu enieniwo adalaŵa chikho chomwechi. Pa mutu 3 wa Marko yemweyo timaŵerenga kuti abale ao adabwera kudzaŵagwira poganiza kuti achita misala, ndipo aphunzitsi a Malamulo ochokera ku Yerusalemu ankati amachotsa mizimu yoipa ndi mphamvu za Belezebulu. M'chinenero cha kwathu kuno, adaŵatchula ufiti. Mneneri Yesaya, pa mitu 52 ndi 53, adaoneratu Mtumiki wa Mulungu ataonongeka nkhope kotero kuti anthu ankayang'ana kumbali, namamuyesa wolangidwa ndi Mulungu, pamene mabala akewo adali a ife tomwe. Mukayang'ana mtanda umene uli pakhoma m'nyumba mwanu, kumbukirani kuti pa Lachisanu lija anthu odutsa pa njira sankaona Mpulumutsi. Ankaona chinthu chonyansa choyenera kuchichotsa dzuŵa lisanaloŵe.

Mwina wina akuti izi nzakale, kapena nza m'mabuku. Tsono tibwere kwathu, m'zaka zathu zino. Kumayambiriro kwa chaka cha 2016, m'boma la Neno, mphenzi idapha mtsikana, ndipo anthu adatenga nkhalamba zinai za banja limodzi nkuzipha, ati ndizo zidatumiza mphenziyo. Chakumapeto kwa 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, nkufalikira ku maboma oyandikana nawo mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'madera ena chifukwa cha mantha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adapezeka akupopa magazi. Magazi amene adakhetsedwa adakhetsedwa ndi iwo amene ankati akusaka chilombo. Ndipo musati izi nza kumwera kokha, pakuti mau oti gogo uja ngwokayikitsa timaŵamva ndithu pa zitsime ndi pa maliro a kuno kwathu.

Tsono imvani za nkhalamba ina imene anthu ankaiopa. M'chaka cha 1994, m'dziko la Rwanda, anthu oposa 500,000, ambiri mwa iwo Atutsi, adaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Ena adaphedwera m'matchalitchi momwe adathaŵiramo, monga ku Ntarama ndi ku Nyarubuye. M'mudzi wa Musamo, m'boma la Ruhango, mudali mai wamasiye wokalamba, Zula Karuhimbi, wodziŵa zitsamba, amene anthu ankanong'onezana kuti ali ndi mizimu. Mai ameneyu adabisa anthu oposa 100, ena m'kanyumba kake, ena m'dzenje la m'munda. Zigaŵenga zikafika ndi zikwanje, iye ankaima pakhomo yekhayekha, atadzipaka m'manja zitsamba zoyabwa ngati chitedze. Ankazikhudza, nkumaziopseza kuti zikangoloŵa mizimu izilanga. Amuna onyamula zida ankabwerera akudzikanda. Nkhondo itatha, iye adanena poyera kuti sadali mfiti konse, kuti amakhulupirira Mulungu mmodzi, ndipo kuti adangovala mbiri yoipa imene anthu adampatsa kuti atchinjirize nayo ana a eni. Boma la dziko lake lidampatsa mendulo mu 2006, ndipo adamwalira mu 2018.

Lingalirani bwino, abale anga. Nkhalamba yotere ikadakhala m'mudzi mwathu, mwana nkudwala malungo, kodi sitikadayamba ndi nyumba yake? Chonsecho pa tsiku la tsoka, khomo lake ndilo lidasanduka linga. Ndi phunziro lomwe lija la Msamariya pa Luka mutu 10. Kwa Ayuda omvera fanizolo, Msamariya adali munthu wodetsedwa, wosayenera kumwera naye chikho chimodzi. Yesu adasankha dala munthu ameneyo kuti ndiye aŵerame pa wovulala, pamene wansembe ndi Mlevi adalambalala.

Nanga ife tichite chiyani? Ndiyambe ndi inu makolo. Samalani ndi m'mene mumaopsezera ana. Mukamati ukapanda kugona ndikuitanira wamisala uja, kapena usadye kwa gogo uja, mukubzala mbeu imene idzamera mwala m'dzanja la mwanayo akadzakula. Mwana wanu akabwera ndi chithunzi cha chimunthu chobiriŵira chija, musangomlanda. Mfunseni kuti chidatani kuti chikhale chotero, ndipo mumthandize kuona kuti mphamvu zake zilibe phindu popanda mtima umene udathamangira kukapulumutsa mnyamata uja. Mphunzitseninso kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Inu a m'miphakati, kumbukirani chifukwa chimene miphakati idakhalirapo. Pamene Ambuye Patrick Kalilombe adasonkhanitsa dayosizi ya Lilongwe pa msonkhano waukulu wa zaka za 1973 mpaka 1975, cholinga chidali chakuti Eklezia akhale pakati pa anthu, m'mudzi momwemo. Tsono pa msonkhano wanu wotsatira, mutatha kuŵerenga Mau a Mulungu, funsanani kuti m'mudzi muno ndani amene palibe womuyendera. Mtchuleni dzina lake lenileni, osati dzina lomunyoza. Sankhani anthu aŵiri apite akamsesere pakhomo, akamtungire madzi, akadye naye nsima m'mbale imodzi anthu akuona. Mphekesera imakula pa nyumba imene njira yake idamera udzu.

Za matenda, tiyeni tinene zoona zokhazokha. Khunyu ndi nthenda ya mu ubongo. Sipatsirana pogwirana kapena pokhudza malovu, ndipo mankhwala ochepetsa kugwa alipo. Munthu akagwera pamoto mvuuleni msanga, musaope. Nkhalamba imene yayamba kuiŵala, kusokera usiku, kapena kulankhula zosamveka, kaŵirikaŵiri imakhala ikudwala matenda a ukalamba, ndipo kupezeka kwake pa mphambano mbandakucha sikusonyeza kuti yagwa pa ndege ya ufiti. Odwala maganizo malo ao ndi kuchipatala, osati pa mtengo atamangidwa chingwe. Muli nazo zipatala zazing'ono m'madera mwanu, muli nachonso chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959. Tengani ngolo kapena njinga, muperekeze mbale wanu.

Ndipo inu akatekisti, tsiku lina ntchito yanu idzakhala yolemera kuposa kuphunzitsa katekisimu. Mudzamva phokoso kumapeto kwa mudzi, anthu atanyamula miyala. Pa tsiku limenelo tumani mwana wa liŵiro kwa amfumu, imbani lamya kupolisi, itanani akhristu anzanu aŵiri kapena atatu, ndipo mukaime pakhomo la wotsutsidwayo. Aitaneni olusawo mmodzimmodzi ndi maina ao, pakuti munthu akamva dzina lake amakumbukira kuti ali ndi nkhope. Akumbutseni kuti lamulo la dziko lino, lochokera m'chaka cha 1911, limati kutchula munthu ufiti ndi mlandu. Chifundo sichitanthauza kubisa wolakwa. Wakuba apite kubwalo la milandu, akayankhe. Koma palibe munthu, ngakhale wolakwa chotani, amene Mulungu adampereka m'manja mwa gulu kuti limuotche. Ndikudziŵa kuti miyendo idzanjenjemera, ndipo mwina maŵa lake adzati nanunso muli m'gulu la mfiti. Pamenepo mudzakhala mutafanana ndi Mbuye wanu, amene adamtchula zomwezo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe: tonsefe tikukalamba, ndipo tsiku lina maso athu adzafiira ndi utsi wa m'khitchini monga a gogo amene tikumuloza chala lero.

Pa tsiku lomaliza, monga atiphunzitsira Mateyo Woyera pa mutu 25, Mfumu idzatiuza kuti idabwera kwa ife yanjala, yausiwa, yodwala ndi yam'ndende, ndipo ambiri adzadabwa kuti sadaizindikire. Idzakhala itadutsa m'midzi mwathu ndi nkhope imene sitidafune kuiyang'ana.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate athu, amene mudalenga munthu aliyense m'chifaniziro chanu, tsekulani maso athu kuti tione mwana wanu mwa iye amene dziko lamtaya. Tipatseni mtima wofunsa tisanaŵeruze, ndi miyendo yolimba yoima pakhomo la wopanda womtchinjiriza. Sungani nkhalamba zathu, chiritsani odwala athu, ndipo khazikitsani mtendere pakati pa akhristu ndi abale ao a mwambo wa makolo. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse, inu ndi mabanja anu. Mugone bwino.